Mafani ali m'nyanja, nanga akukumbiranji minda ya anthu?

Mwana_wa_Mbumba
Abale ndithandizeni pang'ono. Mlongo wanga ali ku England, dera lotchedwa Norfolk, amasamalira okalamba kumeneko. Dzulo usiku wanditumizira kavidiyo kojambula ali m'basi, munda waukulu bwino wa tirigu koma pakati pake adulapo chinjira chachikulu, dothi aliwunjika uku ndi uku, mathalakitala ali piringupiringu, chinjiracho chapita mpaka maso kutopa. Ine ndimayesa akumanga msewu. Iye akuti ayi, ndi mawaya a magetsi ochokera ku mafani a mphepo aja anawadzika pakati pa nyanja. Ndiye ndikufunsa, ngati mafaniwo ali m'madzi, minda ya anthu ikulowapo bwanji? Sindikungofunsa zachabe. Mwezi watha kumudzi kwathu kunabwera anthu kudzakhoma zikhomo m'munda wa amayi, akuti padutsa mawaya ndipo mbali ina adzakwirira pansi, ndiye amayi akuti bola apansiwo chifukwa akakwirira basi zatha tizilima ngati kale. Kodi ndi zoona zimenezi?

Kawale1_Boy
Amwene magetsi sawuluka. Akapangidwa m'nyanja ayenera atuluke afike kumene kuli anthu, ndiye adutsa m'munda wa munthu basi.

Injiniya_Kanengo
Achimwene funso lanu ndi labwino, ndiyankha motalikirapo. Mafani amakhala kutali m'nyanja, nthambo zake zimayenda pansi pa madzi mpaka kugombe. Vuto ndi loti pagombepo nthawi zambiri palibe sabusiteshoni yaikulu yoti ingalandire magetsi ochuluka chonchi, ndiye amayenera kuwatengera kumtunda komwe kuli mawaya akuluakulu a dziko lonse. Ku Norfolk komwe kuli mlongo wanuko kuli mapulojekiti angapo. Hornsea 3 ya kampani ya Ørsted imatulukira pa gombe la Weybourne, nkuyenda pansi makilomita opitirira 50 kukafika kummwera kwa mzinda wa Norwich. Norfolk Vanguard ndi Norfolk Boreas zimatulukira pa Happisburgh nkuyenda makilomita 60 kukafika pa Necton. Hornsea 3 yokha ndi mamegawati pafupifupi 2,900, pomwe ife dziko lonse, kuphatikiza Nkula, Tedzani, Kapichira ndi sola ya ku Salima, sitinayandikire nkomwe 1,000. Ndiye musaganize kuti ndi kawaya kamodzi ngati kolowa m'nyumba.
Chinjira munachiwonacho si ngalande yokha ayi. Muli ngalande zingapo za makebo, msewu wongoyembekezera woyendamo malole, malo osungapo dothi la pamwamba, malo ena osungapo dothi la pansi, ndi mpanda mbali zonse. Kwa Hornsea 3 anapempha mpata wofika mamita 80 m'lifupi nthawi yomanga. Tawerengani nokha, mamita 80 kuchulukitsa ndi makilomita 50 ndi mahekitala 400. Kwathu kuno komwe mabanja ambiri munda wawo sukwana hekitala imodzi, amenewo ndi minda ya midzi ingapo.

NaPhiri_A25
Mahekitala 400?? Mayo ine. Ndiye azungu amalola?

Injiniya_Kanengo
Mayi ena amalola ena amakana, koma boma likavomereza pulojekiti limaperekanso mphamvu yotenga njirayo mokakamiza, mwini munda amangotsala ndi kukambirana za ndalama ndi kakonzedwe. Koma milandu imachitika. Mu February 2021 bwalo lalikulu la milandu linafafaniza chilolezo cha Norfolk Vanguard, chifukwa boma silinaunike bwino kuti masabusiteshoni a Vanguard ndi Boreas akakhala onse pamodzi pa Necton dera lidzaoneka bwanji. Amene anakasuma anali bambo mmodzi wokhala pafupi ndi njira ya makebowo. Anachiunikanso nkuchiperekanso mu 2022, koma chaka chathunthu chinapita.

Chinsapo_Original
Ife magetsi azima kuyambira 5 koloko mmawa, nyama mufiriji ikuwonongeka, inu mukukamba za minda ya azungu. Abweretse makebowo kuno adutse ngakhale pakhomo panga.

Mwana_wa_Mbumba
Ndikukumvani achimwene, nanenso ku Biwi kuno kwazima. Koma pakhomo panu pa lendi ndi munda umene amayi anga amadyetsera adzukulu asanu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mlangizi_Mitundu
Ine ndilankhula za nthaka chifukwa ndiyo ntchito yanga zaka zambiri. A Mwana_wa_Mbumba, amayi akulondola theka. Inde chimanga, mtedza, soya mudzalima pamwamba pake, chifukwa ngakhale ku England makebowo amawakwirira mozama kupitirira mita imodzi, khasu kapena pulawo safikako. Koma mawu oti ngati kale ndi amene ndikukana.
Chonde cha munda chili m'dothi la pamwamba lakuda lija, mwina kuzama kwa chikhato chimodzi kapena ziwiri basi. Pansi pake kuno kwathu ndi katondo wofiira wopanda kanthu. Okumba akakhala osamala amayamba apala lakudalo nkuliika pa lokha, katondo pa yekha, pokwirira ayambe katondo amalize ndi lakuda. Akakhala a changu amangosakaniza, ndiye manyowa onse amene amayi anathira zaka khumi apita pansi, katondo wabwera pamwamba. Chachiwiri ndi kupondedwa. Pamene padutsa malole olemera miyezi ingapo, makamaka nthawi ya mvula, nthaka imagwirana ngati njerwa, madzi salowa, mizu siboola. Mudzaona mzere wa chimanga chachikasu chofupika kudutsa m'munda monse ngati anachita kujambula, ndipo si chaka chimodzi ayi. Kuti pabwerere pamafunika kugalawuza mozama, manyowa ambiri, ndi mbewu ngati nandolo zoti mizu yake iboole.
Chachitatu chimene anthu amaiwala ndi madzi. Ngalande yokwiriridwa imakhala yofewa kusiyana ndi nthaka yozungulira, ndiye madzi a mvula amaitsata. Pamalo otsetsereka mukapanda kusamala pamayamba chigwembe. Alimi a ku England dandaulo lawo lalikulu ndi mapaipi omwe anayala pansi pa minda yawo kalekale ochotsa madzi, ngalande ikawadula munda umadikha madzi. Ife mapaipi otero tilibe koma tili ndi madimba ndi madambo, mukadula njira ya madzi pamenepo dimba la munthu litha kuuma kapena kusanduka chithaphwi.

Gogo_wa_Likuni
Alangizi mwanena zoona zokhazokha. Ine zinandichitikira ndi mapaipi, osati magetsi. Anakumba m'mphepete mwa munda wanga kangalande kakang'ono, sikanafike ndi mamita awiri omwe, nthawi yake inali January chimanga chili m'mawondo. Anandilipira mapesi amene anawazula, anachita kuwerenga limodzi limodzi. Koma dothi anangobwezera chisawawa, ndipo zaka zitatu pamzere umenewo sindinakololepo kanthu kooneka. Nditapita kukadandaula anati munasaina kale gogo. Zoona ndinasaina, koma ndinasainira chimanga cha chaka chimenecho, za zaka zinazo palibe anandiuza. Mwanawe uwauze amayi ako asafulumire kudinda chala.

Kawale1_Boy
Pepani agogo. Izi zimawawa.

Dalaivala_wa_Lumbadzi
Komano ine ndikuona ngati mukuwopseza mnyamatayu. Apansi ndi abwinobe kusiyana ndi zimapolo zachitsulo zija. Mwaona laini yaikulu ya magetsi ya 400 kV yochokera ku Phombeya ku Balaka kudzafika ku Nkhoma? Makilomita 173, zimphona zokhazokha, pansi pake sumanga nyumba, mtengo wautali sungabzale. Apansi ukakwirira maso saonanso kanthu, mbalame siziwombamo, mphepo ya mkuntho sigwetsa.

Injiniya_Kanengo
Adalaivala, zoti maso saona ndi zoona, koma chiletso chimakhalapobe. Pamwamba pa makebo apansi sumanga nyumba, sukumba chitsime kapena chimbudzi, suumba njerwa, ndipo mitengo ya mizu yozama saloleza, chifukwa mizu ingawononge komanso tsiku lina adzafuna kufukula pokonza. Pansi pa mawaya a m'mwamba nthaka imene yasokonezedwa kwambiri ndi pamene paima phazi la polo ndi njira yofikirapo, pakati pa polo ndi polo dothi silikhudzidwa kwenikweni. Apansi amang'amba nthaka njira yonse osadumpha. Komanso kebo sibwera yaitali makilomita 60, imabwera pa zimawilo, ndiye pakapita mamita mazana angapo kapena kilomita pamakhala dzenje la simenti lolumikizira, ndi kabokosi kena kokhala ndi chivindikiro pamwamba koti aziyenderapo. Kakagwera pakati pa munda wako ndiye kuti uzikazungulira moyo wako wonse. Ndipo apansi ndi odula kwambiri, kangapo kuposa a m'mwamba, nchifukwa chake kuno malaini ataliatali onse ndi a m'mwamba.

Dalaivala_wa_Lumbadzi
Chabwino, koma mukandifunsa ine kuti pakhomo pako pakhale chiphona chachitsulo kapena chivindikiro cha simenti, ndisankha chivindikiro.

NaPhiri_A25
Inu mukusankha ndi maso, mlimi amasankha ndi nkhokwe.

Mphunzitsi_Nathenje
Ku Germany anasankha ngati adalaivala. Anthu anakana mapolo, boma mu 2015 linakhazikitsa lamulo loti malaini akuluakulu ena azikwiriridwa pansi. Laini ya SuedLink yotenga magetsi a mphepo kumpoto kupita nawo kummwera ndi makilomita pafupifupi 700, ndipo inachedwa zaka zambiri. A m'matauni atakhala chete alimi ndi amene anayamba kudandaula, za dothi lomweli ndi za kutentha, chifukwa kebo ikanyamula magetsi ambiri imatenthetsa nthaka yoizungulira. Kumeneko nkozizira. Ine ndimaganiza za kuno mu October nthaka ili kale ngati chiwaya.

Mlangizi_Mitundu
Aphunzitsi kutenthako kulipo koma ine sindingakuike patsogolo. Chimene chimapha munda msanga ndi kusakaniza dothi ndi kupondaponda. Zimenezo ndaziona ndi maso anga.

Msodzi_Senga_Bay
Ndalowa mochedwa. Nanga bwanji osangoika mafaniwo pa nyanja yathu? Mwera ukayamba mu June mpaka August ngakhale bwato la injini limabwerera. Mphepo ilipo yambiri.

Kawale1_Boy
Ndiye usipa muzikaupha kuti madala, pakati pa mafani?

Injiniya_Kanengo
Mphepo ilipo koma nyanja yathu ndi yozama, malo ena mamita 700, pomwe kumene amadzika mafani ku North Sea, nyanja ya kum'mawa kwa England, ndi mamita makumi ochepa chabe. Ndipo zombo zonyamula mapiko otalika mamita 100 zingafike bwanji pa nyanja yopanda njira ya ku nyanja yaikulu? Koma tingoyerekeza zatheka. Nthambo zikanatulukira pa gombe pomwe inu mumayanika usipa ndi kukokera makoka, nkudutsa m'minda ya mpunga ya ku Salima, nkukwera mapiri kubwera kuno. Funso la a Mwana_wa_Mbumba likanabwera lomweli. Pagombe penipeni anzathuwo nthawi zambiri sakumba ngalande, amabowola pansi ndi makina kuchokera kumtunda nkukatulukira m'madzi, mchenga wa pamwamba osaukhudza. Amachitanso chimodzimodzi podutsa mitsinje, misewu ikuluikulu, njanji ndi nkhalango. Koma kubowolako ndi kodula ndiye sachita paliponse, munda wamba amangong'amba.

Msodzi_Senga_Bay
Gombe lathu latha kale ndi mipanda ya malo ogona alendo, pokokera bwato pakuchepa chaka ndi chaka. Ndiye basi asabwere.

Chinsapo_Original
Mwaona? Aliyense akufuna magetsi koma palibe akufuna waya pakhomo pake. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022 tonse tinalira, mabizinesi anagwa, ine saluni yanga ndinatseka miyezi iwiri. Laini yochokera ku Matambo ku Mozambique kudzafika ku Phombeya nayo yadutsa m'minda ya anthu makilomita oposa 200, mukanati isadutse?

Mwana_wa_Mbumba
Palibe wanena kuti isadutse achimwene. Amayi anga sakukana. Ine ndikufuna ndidziwe chimene akutaya kuti asalandire ndalama ya matumba awiri a chimanga pa chinthu chimene chidzamange manja adzukulu awo. Mng'ono wanga amafuna kudzamanga kumapeto kwa munda womwewo, zikhomo zadutsa pomwepo ndendende.

Anti_Mchesi
Apa ndiye mwafika pamene ine ndimadikira. Nkhani ya chipukuta misozi kwathu kuno kwa Achewa ili ndi msampha wina umene azungu alibe. Munda ndi wa mbumba, wa amayi ndi ana awo aakazi, bambo ndi mkamwini. Koma olemba maina akafika amafunsa kuti mutu wa banja ndani, bambo nkuimirira, dzina lolowa m'kaundula ndi lawo. Ndalama ikabwera imalowa m'foni ya bambo. Kwa achemwali anga zinatero, alamu anatenga ndalama nkupita ku tauni, anabwerako patatha miyezi itatu ndi njinga ndi wailesi, pomwe munda wofupikawo ndi wa ana. Ukwati unatha chaka chotsatira, iwo anabwerera kwawo, chiletso cha pamundapo chinatsala ndi achemwali. Ndiye a Mwana_wa_Mbumba onetsetsani kuti dzina lolembedwa ndi la amayi, ndipo amalume anu eni mbumba ndi a nyakwawa akhalepo tsiku loyeza.

Dalaivala_wa_Lumbadzi
Anti si amuna onse otero.

Anti_Mchesi
Sindinati onse bambo. Ndati dzina likhale la mwini munda, mwamuna wabwino sangakane zimenezo.

Gogo_wa_Likuni
Ndipo wobwereka munda naye mumukumbukire. Ambiri masiku ano amalima pa lendi, mbewu ndi zake, feteleza ndi wake, koma ndalama yonse imapita kwa mwini malo.

Wa_Malamulo_A47
Ndiwonjezerepo pang'ono. Malamulo athu a malo a 2016, kuphatikizapo la malo a makolo, amazindikira kuti munda wa kumudzi uli ndi mwini ngakhale alibe pepala, ndipo malamulo oyendetsera dziko amati katundu wa munthu satengedwa popanda chipukuta misozi choyenera. Pulojekiti yaikulu imayeneranso kuunikidwa momwe ikhudzire chilengedwe ndi anthu, lipoti lake limapita ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti mulione. Tsiku loyeza musangowerengetsa mapesi. Mitengo ya mango, mapeyala, nsungwi, bulugama zilembedwe umodzi umodzi ndi kukula kwake, chifukwa mango odulidwa pamzerepo simudzabzalanso pomwepo. Funsani kuti mzere woletsedwa mpaka kalekale ndi mamita angati, ndipo wongobwereka nthawi yomanga ndi mamita angati, ziwirizi ndi zosiyana ndipo zilembedwe padera. Funsani kuti adzakhala m'mundamo nyengo zingati zolima, chifukwa akachedwa nkudumphira dzinja lachiwiri ayenera kulipiranso. Jambulani munda wonse pa foni asanayambe, chimanga chili chiimire. Ndipo pepala lililonse losaina mutsale ndi lanu, likhale m'chilankhulo chimene amayi akumva.

Mwana_wa_Mbumba
Zikomo kwambiri bwana, izi ndazikopera. Nanga za dothi zija alangizi anena zingalembedwe m'pepala?

Wa_Malamulo_A47
Zingalembedwe, pemphani. Ku England zimakhala m'mapepala a chilolezo, kuti dothi la pamwamba lisungidwe pa lokha ndi kubwezeredwa, ndipo pamakhala munthu woikidwa kuti azilumikizana ndi alimi. Mukapita ngati mudzi wonse kudzera kwa a gulupu zimamveka kusiyana ndi munthu mmodzi.

Mphunzitsi_Nathenje
Kanthu kena kamene kanandigwira mtima. Pamene ankakumba njira ya makebo a pulojekiti ina ya mafani, East Anglia ONE, ku Suffolk ku England komweko, makilomita 37 kuchokera ku Bawdsey kukafika ku Bramford, anayamba atumiza akatswiri ofukula zakale. Anapeza njira yamatabwa ya anthu a zaka zoposa 4,000 zapitazo ndi chigaza cha ng'ombe yamtchire imene inatha kalekale padziko. Ndiye ndimaganiza za kwathu, mzere wowongoka wojambulidwa mu ofesi sudziwa kuti apa pali manda akale opanda ziliza, apa pali dambwe, apa pali mtengo umene mudzi umakhalapo pa milandu. Amadziwa ndi agogo a m'mudzimo basi, ndipo akapanda kufunsidwa poyamba zimadzadziwika thalakitala itafukula kale.

Kawale1_Boy
Ku dambwe ndiye thalakitala siyingayerekeze, ikhota yokha.

NaPhiri_A25
Koma manda a ana aang'ono aja amaikidwa padera, alibe chizindikiro chilichonse, amadziwa ndi azimayi okha. Amenewo ndi amene ndimawadera nkhawa.

Injiniya_Kanengo
Ndibwerere ku Norfolk pang'ono chifukwa pali phunziro lina limene ndikuliona likubwera kuno. Chimene chinakwiyitsa anthu kwambiri si pulojekiti imodzi, koma kuti kampani iliyonse imabwera ndi ngalande yakeyake. Pa Weybourne panatulukira kale nthambo za mapulojekiti a Sheringham Shoal ndi Dudgeon, kenako Hornsea 3, ndipo njira ya Hornsea 3 yopita kummwera imapingasana ndi ya Vanguard yopita kumadzulo pafupi ndi tauni ya Reepham. Midzi yomweyo, timisewu tomweto, malole chaka ndi chaka. Anthu anayamba kufunsa kuti bwanji osalumikiza mafani onse m'nyanja momwemo nkutulukira malo ochepa, ndipo boma linayamba kuunika zimenezi mu 2020, koma mapulojekiti amene anali atapita kale patsogolo anapitirira momwemo. Kumbali yabwino, a kampani ya Vattenfall amene anayambitsa Vanguard ndi Boreas asanazigulitse kwa kampani ya RWE anasankha magetsi a DC (oyenda mbali imodzi) m'malo mwa AC (osinthasintha mbali, ngati a m'nyumba mwathu), makebo anachepa, mpata wa njira unatsika kuchoka pa mamita 100 kufika pa 45, ndipo anakonza zoyala mapaipi a mapulojekiti onse nthawi imodzi kuti pambuyo pake azingokokeramo makebo osafukulanso minda. Kuipa kwake ndi koti DC imafuna chinyumba chachikulu chosinthira magetsi kumapeto, ndiye a ku Necton ndi amene anasenza.
Kuno taonani m'misewu ya mu Lilongwe muno, lero akumba a madzi, akwirira, mwezi wamawa a intaneti, kenako a magetsi, ngalande zitatu pamzere umodzi. M'tauni timangodandaula za matope. Zikafika m'munda wa munthu ndi dzinja zitatu zotayika.

Chinsapo_Original
Apa ndiye ndagwirizana nanu. Pakhomo pa saluni panga anakumbapo kawiri chaka chimodzi, makasitomala amachita kudumpha.

Mlangizi_Mitundu
A Mwana_wa_Mbumba chomaliza kwa ine, limbikirani kuti akumbe nthawi yachilimwe mutakolola, May mpaka October. Dothi louma silipondeka ngati lonyowa, ndipo mbewu simutaya. Akakwirira musathamangire chimanga chaka choyamba pamzerepo, ikanipo nandolo kapena mtedza ndi manyowa a khola.

Mwana_wa_Mbumba
Ndamuimbira mlongo wanga ndamuwerengera zonsezi, akuti pamalo ena pamene anakwirira kale udzu wamera koma mzere ukuonekabe, ndipo mipanda ya zitsamba imene anadula abzalamo tating'ono m'timapaipi tapulasitiki. Ine Loweruka ndikukwera minibasi ya mmawa kupita kumudzi, amalume ndawauza kale akhalepo. A Wa_Malamulo_A47 ndikutumizirani ku inbox chithunzi cha kapepala kamene anawasiyira amayi, kali m'Chingerezi ndipo pali malo awiri osaina, sindikudziwa kuti achiwiriwo ndi a chiyani.

Wa_Malamulo_A47
Tumizani mbali zonse ziwiri, kumbuyo komwe. Auzeni amayi asasaine kaye mpaka ndikaone.